Galu Wowakha Mbale ku Chelstone, ndi Phunziro Lace kwa Ife Alimi

Awa ndi mau amene Wofalitsa Nkhani za Boma anakamba kwa alimi pa msonkhano wa pamudzi, atabwerako ku Cionetsero ca Zaulimi ku Lusaka.



Lero nkhani ya feteleza ndi mtengo wa cimanga ndaisiya ku ofesi. Ndabwera ndi nkhani ya galu. Ndaona ena ayamba kale kuseka, koma ndipempha kuti mundimvere kufikira nditatsiriza. Tikamawerenga ziweto zathu timachula ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, koma galu sitimuwerengera. Komabe iye ndiye amagona panja kulonda khola fisi akamazungulira, ndiye amapirikitsa anyani kumunda, ndiponso ndiye amatsagana ndi ana athu kubusa. Wanchito wotere ayenera kuphunzitsidwa nchito yace, ndipo njira yomphunzitsira ndinakaiona kumene sindinali kuiyembekezera.

ZIMENE NDINAONA KU LUSAKA

M'mwezi wa August ananditumiza ku Cionetsero ca Zaulimi ndi Zamalonda, cimene cimacitika caka ndi caka ku Showgrounds, m'mbali mwa mseu wa Great East, ndi kutha pa Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la mweziwo. Ndinafikira kwa mlamu wanga ku Chelstone, limodzi la madera oyamba amene munthu amapyolamo polowa mu mzinda kucokera kuno kum'mawa.

Poyendayenda masiku amenewo ndinaona agalu a mitundumitundu. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene nyumba ziri ndi mabwalo akuluakulu ozingidwa ndi mipanda ya njerwa, amaweta agalu onenepa ngati ana a ng'ombe, a mitundu yochedwa German Shepherd, Rottweiler ndi Boerboel. Munthu umangomva kuuwa kwao kuseri kwa geti, nufulumiza miyendo. Ku Kabwata, kumene malo ndi opanikizana, ndinaona ena atamangidwa pa unyolo dzuwa lonse. Agalu onsewa anali oopsa ndithu, koma sindinaone ngati ali yense wa iwo akanamvera mwini wace atamuuza kuti aleke.

Tsono tsiku lina madzulo, dzuwa litapendeka, ndinadutsa pa bwalo lina la mpira ku Chelstone komweko. Pamenepo panali mnyamata wa zaka ngati 14 ndi galu wace. Galuyo anali wamba ngati athu omwewa, wofiirira, wa miyendo yaitali ndi mimba yolowa m'kati. Mnyamatayo anali ndi kambale ka pulasitiki kopepuka. Anakaponya cam'mbali, ndipo kanauluka kakuzungulira monga mphamba akamayandama pamwamba pa anapiye. Galu anathamanga pansi pace, maso ali m'mwamba, nalumpha, nakawakha ndi kamwa kasanagwe pansi. Cimene cinandidabwitsa koposa ndi cimene cinatsatira. Galu uja anabwerera molunjika kwa mbuye wace, naika mbale pa mapazi ace atangomva mau amodzi, nakhala pansi kudikira.

Ndinamfunsa kuti, "Kodi mphwanga, unamkwapula kangati galu ameneyu kuti afike pomvera cotere?"

Iye anaseka nati, "Bambo, ndikanamkwapula bwenzi akubwera kwa ine? Ndinayamba ndi kumpatsira nsima m'mbale yomweyi."

Madzulo atatu otsatizana ndinapita pa bwalo paja kukaonerera ndi kufunsa, ine wamkulu kuphunzira kwa mwana.

KUMENE MASEWERAWA ANACOKERA

Mbale youlukayi dzina lace ndi Frisbee, ndipo inayambira ku America. M'caka ca 1937 munthu wina dzina lace Walter Frederick Morrison anali kuponyerana cibvundikiro ca citini ndi bwenzi lace, naona kuti cimauluka bwino. Pambuyo pace anayamba kupanga mbale zotere za pulasitiki, ndipo mu 1957 anagulitsa nzeru yaceyo kwa kampani ya Wham-O, imene inapatsa mbaleyo dzina limene iri nalo lero.

Poyamba anali masewera a anthu okhaokha. Koma pa 5 August 1974 mnyamata wina wa zaka 19, Alex Stein, analumpha mpanda nalowa m'bwalo la masewera la Dodger Stadium mu mzinda wa Los Angeles, pamodzi ndi galu wace wochedwa Ashley Whippet. Kwa mphindi ngati 8 galuyo anawakha mbale pamaso pa khamu la anthu, akulumpha pafupifupi mamita atatu m'mwamba. Mnyamatayo anamgwira apolisi cifukwa analowa wopanda cilolezo, koma anthu ambiri anali ataona kale pa wailesi ya kanema. Caka cotsatira, 1975, unayamba mpikisano wa agalu owakha mbale, ndipo galu yemweyo anapambana zaka zitatu zoyamba.

Ndachula zimenezi pa cifukwa cimodzi. Galu uja anali wa mtundu woonda, wopepuka, wa miyendo yaitali, wobadwira kuthamangitsa akalulu. Kodi si momwe aliri agalu athu a kumudzi? Pa masewera amenewa galu wanu wa uzimba aposa zigalu zolemera za ku Kabulonga, zimene zimatopa msanga ndi kupweteka mfundo za miyendo zikalumpha. Musanyoze ciweto canu cifukwa simunacigule ndi ndalama zambiri.

MUSANAYAMBE

Mbale yoyenera ndi ya pulasitiki wofewa kapena ya mphira. Ngati simungaipeze m'sitolo, cibvundikiro cofewa ca kacidebe ka pulasitiki cikwanira poyambira. Mbale ya citsulo, cibvundikiro ca poto, kapena pulasitiki wouma wong'aluka musayese konse, pakuti zimathyola mano ndi kuceka nkhama.

Sankhani malo a udzu waufupi kapena a dothi lofewa, opanda zitsa, minga, maenje ndi magalasi osweka, ndiponso akutali ndi mseu. Galu akamathamanga maso ali m'mwamba saona cimene ciri patsogolo pace. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena madzulo. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga ife, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu lilime liri kunja, cotero kumthamangitsa masana a mu October kungathe kumupha. Madzi akumwa akhale pafupi.

Kagalu ka miyezi iwiri kapena itatu kangayambe kuphunzira dzina lace, kubwera, ndi kutola cinthu pansi. M'mera mpoyamba. Koma kulumpha m'mwamba kudikire kufikira galu atapitirira caka cimodzi, ndipo wa thupi lalikulu caka ndi theka, cifukwa mafupa ace asanakhwime amabvulala msanga ndipo cilema cace sicitha.

Potsiriza konzani malipiro. Wanchito salima ganyu wopanda malipiro, ndipo galu ndi cimodzimodzi. Timbamu ta nsima tonga nsonga ya cala, tothira msuzi, kapena kapenta pang'ono, ndi zokwanira. Mphunzitseni asanadye, pamene ali ndi njala pang'ono.

MAKWERERO ASANU NDI LIMODZI

Coyamba, aphunzire kubwera akaitanidwa. Imani pafupi naye, chulani dzina lace ndi kunena kuti "Bwera!" Akafika mpatseni kambamu nthawi yomweyo ndi kumsisita pakhosi. Mawa imani patali pang'ono. Malipiro afike m'kamwa iye atangocita cimene mwafuna, pakuti mukacedwa sadziwa cimene mwamlipirira. Mau akhale amodzimodzi masiku onse, ndipo a pa banja ponse agwirizane. Bambo akati "Bwera," amai akati "Tiye kuno," mwana akaliza mluzu, galu amasokonezeka ngati mwana wa sukulu wa aphunzitsi atatu olankhula pamodzi.

Caciwiri, aikonde mbaleyo. Itembenuzeni cagada ndi kumpatsiramo cakudya cace masiku angapo, monga anacitira mnyamata wa ku Chelstone. Akatero adzaiona ngati cinthu cabwino, ndipo sadzaithawa ikamabwera.

Cacitatu, aphunzire kugwira ndi kusiya. Ikhwekhwerezeni mbale pansi patsogolo pace monga mbewa yothawa. Akailuma nenani kuti "Gwira!" ndi kukokana naye pang'ono mosewera. Kenaka lekani kukoka, dzanja likhale duu, muonetseni kambamu ndi dzanja linalo, ndi kunena kuti "Siya!" Akatsegula kamwa mlipireni, ndipo mbwezereninso mbale. Pamenepa ambiri amalakwa. Mukamlanda ndi mphamvu, galu amaphunzira kuti munthu ndi wolanda, ndipo mawa adzathawa naco cinthu kuseri kwa nkhokwe. Koma akaona kuti kusiya kumabweretsa cakudya ndi masewera ena, adzasiya mokondwa.

Cacinai, ikunkhunizeni pansi. Imikani mbale ndi m'mphepete mwace ndi kuigubuduza monga ana amacitira ndi mkombero wa njinga. Galu adzaithamangira mwa cibadwa cace, ndipo adzaphunzira kuigwira ikuyenda. Akaigwira muitaneni. Ngati afuna kuthawa nayo musamthamangitse, pakuti iye adzayesa masewera. M'malo mwace thawani inu, iye adzakutsatani. Mukakhala ndi mbale ziwiri nchito imapepuka: muonetseni yaciwiri, ndipo muiponye pokhapokha atabweza yoyamba. Galu wobvuta mmangeni cingwe cacitali masiku oyamba.

Cacisanu, awakhe m'mwamba. Gwirani mbale m'dzanja pa msinkhu wa mutu wace, yendani nayo, iye ailande m'dzanja mwanu. Akazolowera, muziitaya pang'ono iye atatsala pafupi kuiluma, kuti iyandame kamtunda konga mkono umodzi. Tsiku loyamba kuwakha muyamikireni kwambiri, adziwe kuti wacita cinthu cacikulu.

Cacisanu ndi cimodzi, talikitsani mtunda pang'onopang'ono, mapazi atatu, asanu, khumi. Musaiponye molunjika kumaso kwace, pakuti ikamgunda pamphuno adzaiopa masiku ambiri. Iye aime pambali panu, ndipo mbale ipite patsogolo pace, motsika, kuti aipirikitse kucokera kumbuyo.

Nanunso muyenera kuphunzira kuponya, ndipo yambani ndi mnzanu galu kulibe. Cala cacikulu cikhale pamwamba, zala zina pansi pa mkombero. Mphamvu isacokere m'phewa monga poponya mwala, koma pa mfundo ya dzanja, imene imaizunguza mbale potuluka. Kuzungulirako ndiko kumaigwira kuti isapendekeke, monga nguli imaima cifukwa ca kuzungulira, ndipo msana wace wokhota ndiwo umacititsa mphepo kuinyamula. Ituluke m'dzanja iri yogona bwino.

Phunziro liri lonse lisapitirire mphindi 5 kapena 10. Lekani galu akali kufuna, ndipo mukatha bisani mbale kuti asaitafune ndi kumeza zidutswa. Akalephera khwerero lina, bwererani pa limene analidziwa. Galu wina amatha zonsezi m'masabata owerengeka, wina amatenga miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

KODI MLIMI APINDULANJI?

Ndidziwa kuti ena mukuti, "Ife tiri ndi minda yolima, nthawi yosewera ndi galu tiipeza kuti?" Funso limeneli ndi labwino. Koma taonani mau amene galu waphunzira m'masewerawa: "Bwera," "Gwira," "Siya." Mauwa ndi omwewo amene mumawafuna tsiku liri lonse pamudzi.

Galu wodziwa "Siya" amaleka nkhuku ya mnansi wanu isanafe, amaleka mwana wa mbuzi, ndiponso amapereka kalulu kwa mwini uzimba m'malo mothawa naye kuchire. Galu wodziwa "Bwera" amabwerera pamene wayamba kupirikitsa mlendo, mwana wa sukulu kapena wokwera njinga. Amfumu ali pano angatiuze milandu ingati imene aweruza pa bwalo lino ya galu wogwira mbuzi ya mwini. Mbuzi imodzi yolipira mlandu iposa kutali timbamu ta nsima tonse timene mukanamphunzitsira. Ndipo nchito yophunzitsayi siifuna bambo kusiya khasu. Apatseni anyamata obusa, adzaikonda.

Cikwapu cimaphunzitsa cinthu cimodzi cokha, ndico kuopa dzanja la munthu. Ambiri a ife timacita motere: galu waba dzira m'mawa, ife tazindikira masana, timuitana mokoma, ndipo akafika timkwapula. Iye za dzira anaiwala kale. Cimene waphunzira ndi cakuti kubwera poitanidwa kumabweretsa ululu. Cotero lamulo lalikulu pa zonse ndanena lero ndi ili: galu amene wabwera mutamuitana musammenye, ngakhale atalakwa motani.

NKHANI YA KWATHU

Lamulo limeneli ndinaliphunzira ndi misozi. Ndiri mnyamata tinali ndi galu dzina lace Adzanena, mlenje weniweni, koma tonse pakhomo tinali kumponya miyala ndi zikuni akayandikira pamene tikudya. Anafika pakuti munthu akatambasula dzanja iye anali kuthawa. Tsiku lina alangizi a ziweto anabwera kudzabaya agalu katemera wa ciwewe. Anzathu anabwera ndi agalu ao pa zingwe. Ife tinamuitana Adzanena m'mawa wonse, tinamzinga ndi anyamata asanu, koma anapulumuka nalowa m'chire, nabwera usiku alangizi atapita.

Itapita miyezi ingapo anamenyana ndi nkhandwe kumunda. Patapita masabata ena anasintha khalidwe. Anayamba kuluma mitengo ndi miyala, dovu liri cucucu, mau ace atasasa, ndipo analuma mlongo wanga wamng'ono pa mwendo. Galuyo anaphedwa tsiku lomwelo. Atate anagulitsa mbuzi ziwiri kuti apeze ndalama za maulendo a ku cipatala kukabayitsa mwanayo, pakati pa nyengo yopalira. Mlongo wanga anapulumuka, ndipo lero ali ndi ana ace. Koma kufikira lero ndimadziwa kuti amene tinalakwa ndife. Galuyo tinamphunzitsa tokha kuthawa anthu, ndipo anathawa pa tsiku limene kubwera kukanampulumutsa.

ZA CIWEWE

Ciwewe si nthenda yoseweretsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa nayo caka ciri conse, ambiri a iwo mu Africa ndi mu Asia. Pa anthu 100 odwala nthendayi, okwana mpaka 99 amaitenga kwa galu, ndipo pa akufa 10 ali onse, anai ndi ana osafika zaka 15. Imayenda m'malovu, ndipo imagwiranso ng'ombe ndi mbuzi. Zizindikiro zikaoneka pa munthu kapena pa ciweto, mankhwala ocizira palibe.

Koma njira yoipewera iripo, ndipo ndi yakale. Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mwana woyamba ndi katemera m'caka ca 1885, ndipo tsiku limene iye anamwalira, 28 September, ndilo dziko lonse limakumbukira za nthendayi kuyambira mu 2007. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 ali onse a m'dera akabayidwa, nthendayi imasowa poyenda. Muno m'Zambia lamulo lochedwa Control of Dogs Act limafuna kuti agalu azilembetsedwa ndi kubayidwa katemera. Kagalu kabayidwe kakakwana miyezi itatu, ndipo mlangizi wa ziweto adzakuuzani nthawi yobwerezanso. Sungani bwino cikalata cimene adzakupatsani.

Popeza mbale yoseweretsa imakhala ndi malovu, sewerani ndi galu wobayidwa yekha, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukatha, makamaka ngati muli ndi cironda. Dziwaninso kuti si galu ali yense wa ciwewe amene amalusa. Wina amangofooka, cibwano ciri lende ngati watsamwa pfupa. Musalowetse dzanja m'kamwa mwace.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite naye ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Musataye nthawi ndi kuwaula ubweya wa galu ndi kupaka pa bala, pakuti kutero sikupha nthenda. Dziwitsaninso amfumu ndi a ofesi ya ziweto.

MAU OTSIRIZA

Tsiku lomaliza ku Chelstone ndinamfunsa mnyamata uja ngati galu wace anabayidwa. Anati anapita naye yekha wopanda cingwe, namuuza kuti akhale pansi, ndipo singano inalowa galu akunyambita dzanja lace.

Cotero pempho langa ndi ili. Madzulo ano, nsima ikapsa, patulani timbamu tisanu. Itanani galu wanu ndi dzina lace, ndipo akabwera mpatseni. Citani cimodzimodzi mawa ndi mkuja. Ngati adzafika powakha mbale m'mwamba, ana adzakondwa ndipo mudzi udzakhala ndi coonerera. Ngati sadzafikako palibe kanthu, malinga adziwe kubwera ndi kusiya. Alangizi a ziweto akadzalengeza tsiku la katemera, ndifuna kudzamva kuti pa mudzi uno panalibe galu amene anagona kuchire.

 Amene ali ndi mafunso afunse tsopano.